Woganiziridwa Si Wolakwa

Chichitikireni referendamu ya 1993, Amalawife takhala tikuwerenga nyuzipepala zolemba mosaopa. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adateteza ufulu wa atolankhani m'gawo 36. Komatu gawo 42 la malamulo omwewo likuti woimbidwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa.

Tsono taganizirani msodzi amene wagwidwa pomuganizira kuti waba injini ya boti. Madzulo wailesi yatchula dzina lake, mudzi wake ndi mfumu yake yaikulu. Patapita miyezi khoti lammasula, koma wailesi ili duu. Ana ake akutchedwabe ana a mbala, ndipo padoko palibe womkhulupirira.

Kutchula dzina kuli ndi ubwino wake: abale amadziwa komwe munthu akusungidwa, ndipo samangidwa mobisa. Koma ufulu uli ndi malire. Lamulo la 2010 loteteza ana limaletsa kuulula dzina la mwana amene ali pamlandu. Nayo Surat Al-Hujurat imatilangiza kufufuza nkhani tisanaweruze mnzathu.

Makolo, phunzitsani ana kunena kuti "akumuganizira," osati "waba." Atolankhani nawo, amene adalengeza kugwidwa kwa munthu alengezenso kumasulidwa kwake.