MIYALA YA CITSULO YOYENDETSA MAGETSI MOSATAYA MPHAMVU

Magetsi ocokera ku Kariba ndi ku Kafue Gorge safika onse kumene akupita. Poyenda m'mawaya, mphamvu ina imasanduka kutentha ndi kutayika m'njira, monga momwe madzi amacepera mu ngalande yaitali asanafike kudimba. Ngakhale mkuwa, umene umayendetsa bwino magetsi, umatayako ndithu mphamvuyo. Ici ndico cifukwa cake akatswiri a sayansi m'maiko ambiri akhala akufunafuna zinthu zimene magetsi angayendemo popanda cowaletsa.

Zinthu zoterozo ziripo. M'caka ca 1911, Bambo Heike Kamerlingh Onnes a ku Leiden m'dziko la Netherlands anaziziritsa mekyule, citsulo camadzimadzi cija ca m'kagalasi koyezera kutentha kwa thupi, kufikira madigiri 269 pansi pa mlingo umene madzi amaundana. Pamenepo magetsi anayamba kuyendamo osataya mphamvu ngakhale pang'ono. Khalidwe limeneli limachedwa superconductivity. M'caka ca 1933 kunapezekanso kuti cinthu ca khalidweli cimakankhira kunja mphamvu ya maginito. Motero ophunzira ambiri anaganiza kuti citsulo ceniceni, ca makasu ndi nkhwangwa, cimene cimakokedwa ndi maginito, sicingathandize pa nchitoyi.

Maganizowo anasintha m'caka ca 2008, pamene Bambo Hideo Hosono ndi anzao a pa sukulu ya ukacenjede ku Tokyo m'dziko la Japan analengeza za timiyala timene anatipanga posakaniza citsulo, aseniki, okosijeni ndi lanthanum. M'timiyala totere maatomu, ndiwo tizidutswa tating'onoting'ono topanga cinthu ciri conse, amandandalikana mwadongosolo ngati njerwa za pakhoma. Pa tokha timiyalato tinalibe khalidwe lofunidwalo. Koma atacotsa pafupifupi atomu limodzi pa maatomu 10 ali onse a okosijeni ndi kuikapo fluorine, magetsi anayenda mosataya mphamvu pa madigiri 247 pansi pa ziro. M'caka comweco akatswiri a ku Beijing, ku China, anaika samarium m'malo mwa lanthanum nafika pa madigiri 218 pansi pa ziro.

Kodi kusinthako kumacita ciani? Mwala wosasinthidwa ukazizira, atomu liri lonse la citsulo limakhala ngati kamaginito, ndipo timaginitoto timafola m'mizere ngati ya m'munda: mzere uwu kuloza uku, mzere wotsatira kuloza uko. Pamene dongosololi liri lolimba, khalidwe lofunidwa lija silioneka. Maatomu acilendo akalowa, mizereyo imafooka, ndipo ikamafooka m'pamene khalidwelo limayamba. Pa miyezo ina ya pakati, zonse ziwiri zimapezeka m'mwala umodzi. Akatswiri ambiri amaganiza kuti kugwedezeka kwa timaginito kumene kumatsalako ndiko kumamanga maelekitironi, tizinthu tonyamula magetsi, kuti aziyenda awiriawiri osapunthwa. Conco maginito amene poyamba ankaonedwa ngati mdani angakhale ndiwo mthandizi.

Mwala wina, wa barium, citsulo ndi aseniki, waonetsa bwino zimenezi. Mizere ya maginito imapangika mwa iwo pa madigiri pafupifupi 133 pansi pa ziro. M'caka ca 2008, Mai Marianne Rotter ndi Bambo Dirk Johrendt a ku Munich, ku Germany, anaika potaziyamu m'malo mwa maatomu 4 pa 10 ali onse a barium. Mizereyo inazimirira, ndipo magetsi anayenda momasuka pa madigiri 235 pansi pa ziro. M'caka comweco akatswiri a ku Oak Ridge, ku America, anacotsa atomu limodzi pa 10 a citsulo ceniceni ndi kuikapo kobati, napeza khalidwelo pa madigiri 251 pansi pa ziro. Kobati ameneyu ndi yemwe uja amapezeka pamodzi ndi mkuwa m'migodi ya ku Copperbelt ndi ya ku Congo.

Njira zimenezi n'zosiyana. Potaziyamu amacepetsa maelekitironi m'mwalamo, pamene kobati amawaonjezera. Fosiforasi akalowa m'malo mwa aseniki sacepetsa kapena kuonjezera, koma pokhala wocepa thupi amacititsa mwalawo kufinyika, ndipo zotsatira zake zimafanana. Komabe si mlendo ali yense amene amathandiza. Manganizi, ngakhale ali pafupi ndi citsulo pa cibale monga kobati, sabweretsa khalidweli konse. Muyezo nawonso ndi wofunika, monga mcere m'ndiwo: kobati akacepa mizere ya maginito imakhalabe yolimba, akaculukitsa khalidwe lofunidwalo limatheratu.

Nanga phindu lake n'lotani? Kuzizira kumene miyalayi imafuna n'kwakukulu kotero kuti mawaya ake sangamangidwe pa mitengo ya magetsi ya m'midzi. Ciyembekezo ciri pa maginito amphamvu, onga a m'makina a MRI ojambula m'kati mwa thupi la wodwala. Makina ambiri otere amadalira mawaya a niobium ndi titanium oziziritsidwa ndi helium wamadzi, amene ndi wokwera mtengo. Miyala ya citsulo imapirira maginito amphamvu kwambiri ndiponso siifuna kuzizira kofika pamenepo. M'caka ca 2016 akatswiri a ku Beijing anapanga waya wa miyalayi wotalika mamita opitirira 100.

Nchitoyi ikali m'nyumba zofufuzira, ndipo akatswiri sanagwirizanebe kotheratu za cimene cimamanga maelekitironi awiriawiri. Akupitirizabe kuyesa atomu ili ndi ilo, muyezo uwu ndi uwo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana a sukulu a m'dziko la mkuwa ndi kobati ayenera kudziwa kuti cuma ca pansi pa nthaka cimakula mtengo m'manja mwa amene adziwa kucisakaniza.