Mphika Umene Unaoloka Malire

Munthu wothawa nkhondo sasankha katundu. Amabereka mwana kumsana, kamtolo pamutu, ndipo mwai ukalola amatolako mphika ndi mthiko. Ng'ombe, nkhokwe ndi manda a makolo zimatsala m'mbuyo. Koma cilipo cuma cimodzi cimene msilikali sangalande pa njira: nzeru za kaphikidwe zimene mai anaphunzira kwa amai ake.

Anthu a ku Kaumbwe, m'boma la Petauke, anaziona izi ndi maso ao. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika poipa m'cigawo ca Tete, mabanja ambiri a ku Marávia ndi ku Zumbo anaoloka malire nalowa m'midzi ya kuno ndi ya ku Nyimba. Sanali alendo eni-eni, pakuti ambiri anali Ansenga ndi Acewa, abale amene anangolekanitsidwa ndi mzere wa Azungu. Mu 1987 boma linatsegula malo a Ukwimi, kumpoto kwa Petauke, kumene anthu oposa 20,000 anapatsidwa minda. Ena sanapite, anakhala pakati pa abale ao kufupi ndi malire.

Fungo la kwao

Cakudya cogawidwa ndi mabungwe cinali cimodzi-modzi mwezi ndi mwezi: cimanga, nyemba, mafuta ndi mcere. Cimakhutitsa mimba, koma mtima iai. Munthu wa ku Tete amakula ndi nsomba zong'amba zouma, za mcere wambiri, zimene kwao amazicha chicoa. Amakula ndi phala lowawasa la malambe, masau ofutsa pa dzuwa, nyama ya mbuzi, ndi cigwada cotendera nsinjiro. Amai anayesetsa kubwezera kakomedwe kameneka m'mphika wa kucilendo. Anathyola ndiwo za m'thengo, anafutsa masamba, anacheza cidulo cophikira therere, ndipo atangokolola nshawa zoyamba m'minda yatsopano, mtondo unayambanso kulira madzulo. Mwana wobadwira ku Ukwimi, amene sanaonepo mtsinje wa Zambezi, anayamba kudziwa kwao ndi lilime.

Tsidya lina la nyanja

Nkhani yotere si ya kuno kokha. Ku Central America kuli kadziko ka anthu odya cimanga monga ife, El Salvador, kwao kwa Oscar Romero Woyera, Ambuye Arkiepiskopi amene anaomberedwa pa guwa la nsembe pa 24 March 1980. Nkhondo ya kumeneko inapha anthu pafupi-fupi 75,000, ndipo inatha mu 1992, caka comweco cimene a ku Mozambique anasainirana mtendere ku Rome pa 4 October. Miyanda ya anthu inathawira ku Honduras ndi ku United States, makamaka ku Los Angeles ndi ku Washington.

Kulikonse kumene anafika, amai a ku El Salvador anayamba kuumba pupusa. Aka ndi kamkate kophwathalala ka cimanga, kukula kwake ngati cikhatho. Mai amatapa cimanga copera conyowa, naboola pakati ndi cala, naikamo nyemba zofiira zosinja, chizi, nyama ya nkhumba yopera kapena timaluwa ta loroco. Atatseka, amakaomba-omba m'manja mpaka kaphwathalale, nakaocha pa ciwaya ca moto. Amadya ndi manja monga nsima, pamodzi ndi kabichi wowawasa wochedwa curtido ndi msuzi wa matimati. Amai ambiri, osadziwa Cingelezi ndiponso opanda mapepala a nchito, analera ana ndi kutumiza ndalama kwao pogulitsa pupusa. Mu 2005 nyumba ya malamulo ya dzikolo inalengeza kuti pupusa ndi cakudya ca fuko, ndipo cikondwerero cake cimacitika Lamulungu laciwiri la November.

Nzeru yobisika m'mphika

Wina angati zonsezi ndi cifundo cabe ca kukumbuka kwanu. Koma taonani. Asanapere cimanga, a ku El Salvador amaciwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa, naciviika usiku wonse, nacitsuka. Agogo ao sanadziwe dzina la vitamini, koma njira imeneyi imamasula niacin, amene m'cimanga amakhala womangika kotero kuti thupi silingamuyamwe. Cimanga citafika ku Africa ndi zombo za Apwitikizi, mbeu inabwera koma nzeruyo inatsala. Makolo athu anapeza yao: nsinjiro, nyemba ndi nsomba pambali pa nsima.

Cimene cimacitika nzeru imeneyi ikasowa cinaoneka ku Malawi, kumene kunathawira anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi. Mu 1990 nshawa zinasowa pa cakudya cogawidwa m'misasa kwa miyezi ingapo, ndipo anthu pafupi-fupi 18,000 anadwala pellagra. Khungu limada ndi kusweka pamene pamaomba dzuwa, pakhosi ndi m'manja, m'mimba mumatseguka, pambuyo pake mutu umasokonezeka, ndipo wosathandizidwa amafa. Anthuwo sanali kugona ndi njala. Nsima inalipo, cimene cinasowa ndi dzanja limodzi la nsinjiro.

Zotsalira ife

Mu 1994 ambiri a ku Ukwimi anakwera malori kubwerera kwao. Koma ena anali atakwatira ndi kukwatiwa kuno, ndipo adzukulu ao lero ndi anzathu m'miphakati ndi m'makwaya. Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kodi tinakalandira kalumo kameneka, kapena tinangoseka malankhulidwe a mwini wake?

Dziko la Petauke ndi la nshawa. Komabe m'nyumba zambiri thumba lomaliza limagulitsidwa mu July, ndipo pofika January ana adya nsima ndi ndiwo za mcere wokha. Inu abambo, musanaitane wogula, patulani gawo la mphika. Inu amai, musaphike nokha. Mwana wamkazi ndi wamwamuna yemwe akhale pafupi ndi mafuwa, aone mmene mucezera cidulo ndi nthawi imene muthirira nsinjiro. Ndipo ngati m'mudzi mwanu akalimo agogo amene anaoloka malire ndi mphika pamutu, pitani mukawapemphe akuphikireni phala la malambe, mukhale nao pansi kufikira mphika utazirala. Nkhani imene sanauzepo munthu idzatuluka pamenepo.