Navegador Akadya Memoriya Yambiri

Mayi akafuna kupeta cimanga salowa m'nkhokwe kukapetera momwemo. Amatapa pang'ono, naika m'licero, napeta. Nkhokwe ndi yaikulu ndipo imasunga cakudya ca caka conse. Licero ndi laling'ono, koma nchito imacitikira m'menemo.

Kompyuta nayonso ili ndi nkhokwe ndi licero. Nkhokwe yake ndi disiki, mmene mumakhala zithunzi, nyimbo ndi makalata ngakhale magetsi atazima. Licero lake ndi memoriya, imene imachedwanso RAM. Ciliconse cimene kompyuta ikugwirira nchito cimayamba caikidwa m'memoriya. Memoriya timaiyeza m'ma MB ndi ma GB, ndipo GB imodzi ndi ma MB 1024. Windows 11 amafuna memoriya yosacepera ma GB 4. Conco amene kompyuta yake ili ndi ma GB 4 okha ali pamalire penipeni.

Pulogalamu imene timaonera masamba a pa intaneti imachedwa navegador m'Cipwitikizi, ndipo m'Cingelezi amati browser. Chrome, Firefox ndi Edge onse ndi anavegador. Nthawi zambiri iwowa ndiwo amadzaza licero.

Kodi tsamba limodzi lingadye bwanji memoriya yambiri cotere? Tiyeni tiwerengere pamodzi. Cithunzi ca pa kompyuta cimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono. Tinene kuti cithunzi cina cili ndi timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi. Tonse pamodzi ndi 12 miliyoni. Kadontho kalikonse kamafuna ma byte 4. Ndiye kuti cithunzico cikatambasulidwa conse cimatenga ma byte 48 miliyoni, pafupifupi ma MB 46. Pobwera pa intaneti cinali cofinyidwa ngati bulangeti lopinda, mwina ca ma MB 3 okha, koma kuti muthe kuciona ciyenera kuyalidwa. Tsono ganizirani tsamba lokhala ndi zithunzi zambiri, vidiyo ndi zotsatsa malonda zimene zikungosinthasintha.

Palinso cifukwa cina. Kuyambira pamene Chrome anatuluka mu 2008, iye amagawa masamba m'zipinda zosiyana, kuti tsamba limodzi likaonongeka ena asagwe nalo pamodzi. Mu 2018 kunadziwika vuto la m'makompyuta lochedwa Spectre, limene likanalola tsamba loipa kusuzumira zinsinsi za tsamba lina. Eni ake a Chrome analimbitsa makoma a zipindazo, ndipo ananena okha kuti zimenezi zionjezera memoriya yofunika ndi magawo 10 mpaka 13 pa 100 alionse. Memoriya imeneyi sikuti yatayika. Ndi mtengo wa citetezo.

Ndipotu memoriya ikamagwira nchito si matenda ai. Licero lopacika pakhoma silithandiza munthu. Vuto limayamba likasefukira. Pamenepo kompyuta imatenga zinthu zina m'memoriya nikaziika pa disiki, kenaka nikazitenganso zikafunika. Disiki ndi yocedwa kwambiri poyerekeza ndi memoriya. Mukalemba, zilembo zimatuluka mocedwa. Mukasintha tsamba, mumadikira. Mwina tsamba limangofa, zimene munalemba n'kutayika.

Zikatere ambiri amangozima zonse ndi mkwiyo, osadziwa cimene calakwa. Mawa lake vuto libweranso. Inu yambani mwafufuza wakudyayo. Ngati muli pa Chrome wa pa Windows, dinani mabatani awiri pamodzi, Shift ndi Esc. Patseguka kawindo kamene m'Cipwitikizi kamachedwa Gestor de tarefas. M'menemo muli maina a masamba onse otsegula, ndipo pambali pa dzina lililonse pali memoriya imene tsambalo latenga. Dinani pamutu pa mzere wa memoriya kuti manambala andandalikidwe mwa kukula kwake. Pa Firefox lembani mau akuti about:processes pamalo polemba adiresi, ndipo muona zofananazo. Kawirikawiri mupeza kuti masamba khumi akudya pang'ono, koma limodzi kapena awiri atenga gawo lalikulu. Tsekani amenewo okha. Koma musanatseke, onani ngati mulibe kalata kapena fomu imene simunatumize. Tsamba lotsekedwa mwangozi limabweranso mukadina Ctrl, Shift ndi T, koma zimene munalembamo sizibwera nthawi zonse.

Musafulumire kucoka pakawindoko. Yang'anani manambala kwa mphindi zingapo osakhudza ciliconse. Nambala ya tsamba labwino imakwera n'kutsika, kapena kuima. Mukaona ina ikungokwera osabwerera, tsambalo likutapa memoriya osabweza, monga mwana wobwereka mapensulo tsiku ndi tsiku. Masamba amene munthu amangotsetsereka nawo osafika kumapeto, ngati a Facebook, amakula motere akakhala otsegula tsiku lonse. Mankhwala ake ndi kulitseka tsambalo ndi kulitsegulanso, kapena kutseka navegador yense ndi kumuyambitsanso.

Mwina m'kawindomo mupeza maina amene si a masamba. Amenewo ndi timapulogalamu toonjezera, timene m'Cipwitikizi amati extensões. Tina timathandiza, monga totsekereza zotsatsa malonda. Tina tinalowa popanda mwini kompyuta kudziwa. Tizimeni tonse, muone ngati zinthu zasintha. Ngati zasintha, tiyatseni kamodzikamodzi kufikira vuto litabweranso. Komaliza kuyatsidwako ndiko kolakwa, kacotseni. Mukayatsa tiwiri nthawi imodzi simudziwa kolakwa ndi kati, ndipo muyambanso poyamba.

Anavegador a masiku ano amatha kugoneka masamba amene simukuwaona. Edge anayamba kutero mu 2021, ndipo Chrome analengeza njira yake yochedwa Memory Saver kumapeto kwa 2022. Tsamba logona limabweza memoriya, koma dzina lake limatsala pamwamba paja. Njirayi ndi yabwino, komabe amene amagula ma mega a intaneti pang'onopang'ono acenjere. Pa Chrome, tsamba logona mukalidzutsa limatsegulidwa mwatsopano, ndipo lingadyenso ma mega ena. Tsamba limene mukufuna kudzawerenga mawa kuli bwino kusunga adiresi yake podina Ctrl ndi D, kenaka n'kulitseka.

Anthu ena amalangiza kuti mufafanize cache. Cache ndi zidutswa za masamba zimene navegador amasunga kuti asamazitengenso pa intaneti, ndipo zambiri zimakhala pa disiki. Kuzifafaniza kuli ngati kusesa m'nkhokwe pamene codzaza ndi licero. Kumathandiza tsamba likamaoneka molakwika, koma memoriya siionjezeka, ndipo zonse zofafanizidwazo mudzazitenganso ndi ma mega anu.

Ngati mwacita zonsezi koma kompyuta ikucedwabe, dinani Ctrl, Shift ndi Esc. Apa patseguka kawindo ka Windows mwini, koonetsa mapulogalamu onse. Mwina wakudya si navegador konse, koma pulogalamu ina imene imadziyatsa yokha m'mawa uliwonse. Mukapeza kuti memoriya yadzaza muli ndi masamba atatu kapena anai okha, ndiye kuti licero lenilenilo lacepa. Makompyuta ambiri amalola kuikamo memoriya ina, koma ena aang'ono memoriya yao inawocereredwa mkati ndipo siisinthika. Funsani mmisiri ayambe waona mtundu wa kompyutayo musanapereke ndalama.