Kusankha Chovala Chobirira M'madzi Ozizira

Asodzi anzathu, mwera ukamaomba m'miyezi ya June, July ndi August, amene amavutika kwambiri ndi anthu obira pansi pa madzi. Tikunena abilamani a nkacha ku Malombe, anyamata okawonjola ukonde wokodwa m'miyala, ndiponso ogwira mbuna zamoyo zotumiza kunja, amene amapuma mpweya wa m'botolo kapena wa m'paipi. Ena ayamba kugula chovala cha mphira chotchedwa wetisuti, koma ambiri amangotola chomwe chapezeka pa kaunjika osadziwa ngati n'choyenera.

Mwina mungafunse kuti, kodi nyanja yathu imazizira mpaka kufuna chovala? Nthawi yotentha madzi a pamwamba pa Nyanja ya Malawi amafika madigiri 28, koma nthawi yozizira amatsika mpaka pafupifupi madigiri 23. Kummwera kwa nyanja, mwera umakankhira madzi ofunda kumpoto ndipo ozizira a pansi amakwera. Thupi la munthu limakhala pa madigiri 37, ndipo madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira kwambiri kusiyana ndi mphepo. Posamba sitizindikira izi. Koma wobira akatha ola limodzi m'madzi amayamba kunjenjemera, zala zimauma, amalephera kumanga mfundo, ndipo nzeru zimayenda pang'onopang'ono. Munthu wotere ali pafupi ndi ukonde, ngozi ili pomwepo.

Wetisuti siletsa madzi kulowa. Imapangidwa ndi mphira wa neoprene, womwe mkati mwake muli timatumba tambirimbiri ta mpweya, ndipo timatumba timeneti ndi timene timasunga kutentha. Madzi ochepa amalowa, thupi n'kuwafunditsa, ndipo amakhala momwemo. Chovala chikakhala chachikulu, madzi ofundawo amatuluka, ozizira n'kumalowa nthawi zonse, ndiye kuti ndalama zapita pachabe. N'chifukwa chake timati musagule musanayese. Chigwire bwino m'khosi, m'mikono ndi m'miyendo, ndipo kumsana ndi m'khwapa musatsale matumba. Mutavala, kwezani manja, gwadani, pumani mpweya wambiri. Chikakupanikizani pachifuwa, chisiyeni. Kuvuta kuvala si vuto. Wetisuti yolowa mosavuta ngati malaya kawirikawiri imakhala yaikulu.

Kukhuthala kwa mphira amakuyeza m'mamilimita, ndipo nambala yake imalembedwa pa mkono kapena mkati mwa khosi. Mukaona 3/2 ndiye kuti pathupi ndi mamilimita 3, m'mikono ndi m'miyendo mamilimita 2. Pa nyanja yathu mamilimita 3 amakwanira anthu ambiri. Amene amakhalitsa pansi ndi botolo, makamaka nthawi ya mwera, asankhe mamilimita 5. Chifukwa chake n'chakuti pa mamita 10 kupanikiza kwa madzi kumawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamwamba, timatumba ta mpweya tija timafinyika, ndipo chovala chimapyapyala pomwe madzi ndi ozizira kwambiri. Kachipewa ka mphira kophimba mutu ndi khosi kamathandiza zedi, ndipo n'kotsika mtengo kusiyana ndi kugula chovala china.

Pa kaunjika pamapezekanso za mamilimita 7. Zimenezi anapangira malo monga Cape Town kapena Britain, kumene madzi amatsika mpaka madigiri 12 kapena kucheperapo. Kuno zimangokutenthani m'boti, ndipo zimakuyandamitsani ngati boya. Kuti mumire mufunika mtovu wambiri m'chiuno, ndipo mukafika pansi, mphira ukafinyika, mtovuwo umakulemerani. Dziwaninso kuti madzi athu alibe mchere, choncho amafuna mtovu wochepa kusiyana ndi a ku nyanja yamchere. Lamba wa mtovu akhale womasuka ndi dzanja limodzi. Kumanga miyala m'chiuno ndi chingwe cha nayiloni, monga amachitira ena, ife sitivomereza konse.

Kwa bilamani, amene amabira ndi mpweya wa m'chifuwa, ife tikuona kuti chovala chachifupi chopyapyala, cha mamilimita 2, ndicho chabwino. Chokhuthala chimamutopetsa polimbana nacho kuti afike pansi. Chingwe chachitali cha zipi achibise mkati kuti chisakodwe m'maso a ukonde.

Pogula chakale, tsinani mphirayo. Ngati wauma, wang'ambikang'ambika kapena subwerera msanga, timatumba tija tinafa kale. Yang'anani msoko mochiyang'anitsa kudzuwa. Kuwala kukadutsa, madzinso adutsa. Msoko wabwino pa madzi ozizira ndi womata ndi guluu, wosokedwa popanda singano kuboola mbali zonse. Mukamaliza ntchito chitsukeni, muchiyanike pamthunzi, kutali ndi petulo ndi oyilo wa injini. Wetisuti siteteza ku likodzo, ndiponso siphunzitsa kubira ndi botolo. Maphunziro amenewa amapezeka ku Nkhata Bay ndi ku Cape Maclear.

Ma BVC auze eni maboti kuti wobira akayamba kunjenjemera atuluke m'madzi nthawi yomweyo, ngakhale khoka lisanathe. Muvuleni zonyowa, mum'funditse bulangete pamalo opanda mphepo, ndi kum'patsa tiyi wotentha wa shuga ngati akutha kumeza. Kachasu ayi, chifukwa mowa umaonjezera kutaya kutentha kwa thupi. Akasiya kunjenjemera koma akuyankhula zosamveka kapena akuwodzera, thamangirani naye kuchipatala.