Kuyeza Kuya kwa Galasi la Telesikopu Yopangira Pakhomo

Amisiri opala matabwa ndi owotcherera zitsulo pa Nsungwi, ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, amayeza ntchito yawo isanathe, ndipo lamulo lomweli limagwira pa galasi la telesikopu, chipangizo choonera mwezi ndi nyenyezi. Mtundu wa telesikopu umene Isaac Newton anapanga mu 1668 umasonkhanitsa kuwala ndi kalilole wolowa mkati ngati mbale yosaya, amene masiku ano amapangidwa popera magalasi awiri ochindikala, lina pamwamba pa linzake, pakati pali madzi ndi ufa wokhakhala wa silicon carbide.

Kuya kofunikako n'kochepa zedi, chifukwa galasi la mamilimita 150 m'mimba mwake, limene likuyenera kukumanitsa kuwala pa mtunda wa mamilimita 1,200, limangolowa pafupifupi mamilimita 1.2 pakati pake. Mmisiri amagoneka rula yachitsulo pagalasipo n'kulowetsa pansi pake tizitsulo topyapyala timene amakanika amayezera mpata wa mapulagi, ndipo kamene kakwanira bwino ndi komwe kamamuuza pamene wafika. Njira yachiwiri ndiyo kunyowetsa galasilo, popeza lopera limakhala mbuu, kenaka n'kuliloza kudzuwa kuti kuwala kugwere pakhoma. Pamene kadontho kowala kachepetsetsa ndi pamene kuwala kwakumana, ndipo mtundawo umayezedwa ndi tepi, koma diso lisayandikire chifukwa kuwala kumeneku kumawotcha. Mizere ya pensulo yolembedwa pagalasi imathandizanso, pakuti ikafufutika mofanana popera ndiye kuti magalasi awiriwo akukhudzana paliponse.

Galasi likasalazidwa mpaka kunyezimira, rula sithandizanso, ndipo m'malo mwake pamabwera njira imene Léon Foucault wa ku France anatulukira mu 1858. M'chipinda chamdima mmisiri amaika kanyali pa mamilimita 2,400, kuwirikiza kawiri mtunda uja, n'kudula pang'onopang'ono kuwala kobwerera ndi lezala diso lili kuseri kwake. Galasi lolowa mofanana limada lonse nthawi imodzi, pamene lokhala ndi zitunda kapena maenje limaonetsa mithunzi, ngakhale cholakwikacho chisakwane gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Asanayeze amayamba walisiya kuti lizizire, chifukwa kutentha kwa manja kumalifufumitsa.

Ngakhale akatswiri anaphonyapo pa ntchitoyi. Telesikopu ya Hubble, imene inatumizidwa mumlengalenga mu 1990 ndi galasi la mamita 2.4, inkatulutsa zithunzi zosaoneka bwino chifukwa chipangizo choyezera galasilo chinalumikizidwa molakwika, ndipo zoyezera zina zimene zinaonetsa vutolo sizinalabadiridwe, moti anakaikonza mumlengalenga momwemo mu 1993. Choncho wopera galasi pakhomo asakhulupirire muyezo umodzi, koma ayeze ndi rula, ndi dzuwa, ndiponso ndi lezala, ndipo zikasiyana ayambe wapeza chifukwa chake asanapitirize kupera.