Tsiku lomwe atsamunda adadzera Inkosi Gomani ku Lizulu

Ambiri akamva za Lizulu amaganiza za kabichi, tomato ndi mbatata ya kachewere. Komatu pamalo amenewa, m'malire a Malawi ndi Mozambique, mpomwe mu 1953 mfumu ina idakana kukhala maso ndi makutu a boma la atsamunda.

Kuyambira mu 1933, lamulo lidaika mafumu akuluakulu pansi pa DC. Iwo ankathandiza kutolera msonkho, kuweruza milandu ndi kufikitsa malamulo a boma kumidzi. Mfumu yosamvera, bwanamkubwa ankatha kuichotsa. Chipani cha Nyasaland African Congress, chomwe chidayamba mu 1944, chidaloledwa kugwira ntchito, koma apolisi ankachilondalonda. Chomwe boma linkaopa kwambiri chidali mgwirizano wa mafumu ndi andale.

Nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland idabweretsa mgwirizanowo. Inkosi ya Makhosi Philip Gomani II, yomwe bambo ake adaphedwa ndi atsamunda omwewo mu 1896, idauza anthu ake kuti asiye kutsatira malamulo a malimidwe posonyeza kukana chitaganyacho. Bwanamkubwa Geoffrey Colby adaiimitsa paufumu nkulamula kuti ichoke m'boma la Ntcheu.

M'mwezi wa Meyi 1953 apolisi adafika ku Lizulu kudzatenga mfumuyo, yomwe panthawiyo idali yodwala. Anthu adakana, ndipo padabuka chipwirikiti. A Gomani, mwana wawo Willard ndi mbusa wa Anglican Michael Scott adaolokera ku Mozambique, koma Apwitikizi adawabweza. Scott adapitikitsidwa m'dziko muno, pomwe a Gomani adamwalira mu 1954 kuchipatala cha Malamulo ku Thyolo, kutali ndi kwawo.

Njira yotereyi Angelezi ankaigwiritsanso ntchito kwina. Ku Malaya, mu 1948 adalengeza kuti dziko lili pangozi nkuletsa chipani cha Malayan Communist Party, chomwe mamembala ake ambiri adali Atchaina. Kuno zidachitika pa 3 Malichi 1959, pomwe Congress idaletsedwa ndipo Dr Kamuzu Banda pamodzi ndi anthu mazanamazana adatsekeredwa.

Koma kuletsako sikudaphule kanthu. M'chaka chomwecho kudabadwa Malawi Congress Party, chitaganya chidatha mu 1963, ndipo ufulu udabwera mu 1964, patapita zaka 10 a Gomani atagona.