Dodgers mu 2024: Anagula Ohtani, koma chikho chinabwera ndi bambo wotsimphina

Timu ya Los Angeles Dodgers itasayinitsa Shohei Ohtani mu December 2023, otsatira baseball ambiri ku America anangoti basi, ligi yagulidwa. Mnyamata wa ku Japan ameneyu anapatsidwa kontrakiti ya madola 700 miliyoni kwa zaka 10. Anthu adakali kukamwa yasa, timu yomweyo inatenganso Yoshinobu Yamamoto, wa ku Japan komweko, pa madola 325 miliyoni. Anthu awiri okha, ndalama zoposa biliyoni imodzi.

Ine masewerawa ndimawatsatira pafoni, ndipo anzanga a Bullets, Manoma ndi Arsenal amandiseka kuti ndimathera bando pa azibambo omenya kampira ndi chibonga. Ndikawauza za Dodgers amangoti, "Aaa, ndiye Man City yakumeneko imeneyo." Chikho cha 2024 Dodgers inatengadi. Koma amene anaitsatira kuyambira March mpaka October akudziwa kuti sichinabwere mmene ndalama zija zinalonjezera. Pa magemu omaliza olimbirana chikhocho, munthu wa madola 700 miliyoni uja anamenya bwino mpira kawiri kokha pa maulendo 19.

Kwa inu amene simunaonerepo, ganizirani raundasi ya kupulayimale, koma ya akuluakulu. Woponya amaponya kampira kolimba mwaliwiro, nthawi zambiri loposa makilomita 150 pa ola, ndipo womenya amayesa kukamenya ndi ndodo. Akakamenya amathamanga kudutsa malo atatu otchedwa base n'kubwerera pomwe anayambira. Akafika, timu yake yapeza run imodzi, ife pano tizingoti chigoli. Kampirako kakakagwera kuseri kwa mpanda, imeneyo ndi home run: iye ndi anzake onse amene anali pa ma base amangozungulira n'kukagoletsa. Gemu imakhala ndi zigawo 9, ndipo m'chigawo chilichonse timu imamenya mpaka osewera ake atatu atatulutsidwa. Timu iliyonse mu Major League Baseball imasewera magemu 162 pa chaka, pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi 6. Kenako pamabwera ndime yachipulula ya mu October, yomwe imathera pa World Series.

Chipulula chimenechi ndi chomwe chinkaisowetsa tulo Dodgers. Mu 2022 inapambana magemu 111 n'kutulutsidwa ndi San Diego Padres pa chipulula chake choyamba. Mu 2023 inapambana 100, Arizona Diamondbacks n'kuikwapula katatu kotsatizana osabwezako ngakhale kamodzi. Chikho chomwe inatenga mu 2020 adani ake ankachinyoza kuti n'cha chaka cha Covid-19, pomwe ligi inali ya magemu 60 okha. Mphunzitsi Dave Roberts ankadziwa kuti akalepheranso ali ndi Ohtani m'manja, ochemerera samumvera chisoni.

Nyengo inayambira ku Seoul, m'dziko la South Korea, ndipo inayamba ndi chipongwe. Kunadziwika kuti Ippei Mizuhara, womasulira wa Ohtani komanso mnzake wapamtima kwa zaka zambiri, ankatapa ndalama mu akaunti ya bwana wakeyo n'kumalipira ngongole za njuga. Zinakwana pafupifupi madola 17 miliyoni, ndipo Mizuhara anavomera mlanduwo kukhoti. Tangoganizani: timu yatsopano, chinenero chachilendo, ndiye munthu amene amakuyankhulira ndi yemwe wakhala akukubera.

Ohtani anatchuka chifukwa amachita ntchito ziwiri zomwe ena amagawana, kuponya ndi kumenya. Koma mu 2024 sakanatha kuponya chifukwa anali atachitidwa opaleshoni pachigongono mu September 2023. Ndiye mphamvu zake anazipititsa kumiyendo. Mu baseball muli chinthu chotchedwa kuba base: uli pa base, woponya akangoyamba kuponya iwe umaliyatsa liwiro kupita pa base yotsatira mpira usanakupeze. Kale Ohtani anali asanabepo koposa 26 pa chaka. Mu 2024 anaba ka 59, n'kugwidwa kanayi kokha, ndipo anamenya ma home run 54. Palibe wina m'mbiri ya ligiyi amene anafikapo 50 mbali zonse ziwiri m'chaka chimodzi.

Tsiku lomwe anakwanitsa zimenezi, pa 19 September ku Miami, anamenya maulendo 6 ndipo onse anamenya bwino. Atatu anali ma home run, anaba kawiri, ndipo zigoli 10 zinalowa chifukwa cha ndodo yake. Dodgers inapambana 20-4. Kavidiyo ka gemu imeneyo ndinakaonera kangapo m'mawa mwake, ndipo chomwe chimandisangalatsa mpaka pano ndi ochemerera a Miami Marlins, omwe timu yawo inkanyozeka pakhomo pawo, ataimirira n'kumamuombera m'manja mlendo.

Pomwe Ohtani ankachita zodabwitsazi, timu yonse inali ngati wodi ya kuchipatala. Pakati pa June, Yamamoto anavulala phewa n'kukhala panja mpaka September. Tsiku lotsatira Mookie Betts anathyoka dzanja atagendedwa ndi mpira, ndipo anabwerera mu August. Oponya odalirika anagwa mmodzimmodzi: Tyler Glasnow chigongono, Gavin Stone phewa, ndipo mkulu wawo Clayton Kershaw anangosewera magemu 7. Ngakhale zinali choncho, inamaliza ndi magemu 98 opambana ndi 64 ogonja, kuposa timu ina iliyonse.

Nkhani yomwe inandigwira mtima kwambiri chaka chimenechi si ya m'bwalo ayi. Chakumapeto kwa July, timu ili ku Houston, Freddie Freeman analandira uthenga woti mwana wake wazaka zitatu wathamangira naye kuchipatala. Anamupeza ndi matenda a Guillain-Barré, omwe chitetezo cha m'thupi chimatembenukira minyewa ya mwini wake. Mwanayo anafa ziwalo ndipo ankapuma mothandizidwa ndi makina. Freeman anasiya zonse n'kukwera ndege, ndipo anajomba magemu 8 ligi ili pakatikati. Mwana atayamba kupeza bwino, anabwerera pa 5 August. Bwalo lonse linaimirira, ndipo Bryce Harper wa Philadelphia Phillies, yemwe ankasewera naye ngati mdani tsikulo, anamukumbatira pa base yoyamba. Freeman anauza atolankhani kuti angalolere kulephera kambirimbiri pa mphindi yomaliza ya World Series kusiyana n'kuonanso mwana wake ali mmene anamuonera.

Sungani mawu amenewo.

Pa 26 September, kutatsala masiku ochepa kuti chipulula chiyambe, Freeman anabinya bondo la kuphazi moti ankayenda movutikira. Pambuyo pake kunadziwikanso kuti anali atavulala m'nthiti. M'ndime ziwiri zoyamba za chipulula sanamenye home run ngakhale imodzi, ndipo magemu ena anangoonera ali pabenchi.

Ndime yoyambayo inatsala pang'ono kubwereza manyazi akale. Padres inatsogola magemu awiri kwa imodzi, ndipo inkangofunika kupambana kamodzi. Roberts analibe woponya woti ayambe gemu yachinayi, ndiye anagwiritsa ntchito oponya othandizira okhaokha, aja amalowa pakati pa gemu kwa chigawo chimodzi kapena ziwiri, mayina omwe sagulitsa jezi. Dodgers inapambana 8-0. Gemu yachisanu Yamamoto anakumana ndi Yu Darvish, mnzake wa ku Japan, ndipo ma home run a Kiké Hernández ndi Teoscar Hernández anathetsa nkhani, 2-0. Padres inatha zigawo 24 zomaliza osagoletsa. M'ndime yotsatira, yolimbana ndi New York Mets, katswiri anali Tommy Edman, yemwe anabwera mu July kuchokera ku St. Louis Cardinals ali wovulala, ambiri osamuwerengera n'komwe.

Kenako World Series, Dodgers ndi New York Yankees, matimu awiri otchuka kwambiri pa masewerawa. Los Angeles ili kumbuyo kwa ife ndi maola 9 nyengo imeneyo, choncho gemu yoyamba ya pa 25 October inayamba cha m'ma 2 koloko usiku kuno, n'kutha kukucha Loweruka. Zigawo 9 zinatha ali 2-2. M'chigawo cha 10 Yankees inatsogola 3-2. Dodgers inali ndi anthu awiri pa ma base, Ohtani n'kutulutsidwa, kutsala munthu mmodzi kuti gemu ithe. Apa Yankees inapanga chisankho: inamulola dala Betts kupita pa base yoyamba osamenya, kuti ithane ndi Freeman wotsimphina uja. Ma base onse atatu anadzaza. Nestor Cortes anaponya mpira woyamba, Freeman anaumenya, ndipo unakatera m'khamu la anthu. Zigoli zinayi nthawi imodzi, 6-3, gemu yatha. Zimenezi zinali zisanachitikepo m'mbiri yonse ya World Series.

Akuluakulu a ku Los Angeles anakumbukira 1988, pomwe Kirk Gibson nayenso anatsimphina n'kumenya home run yothetsa gemu yoyamba ya World Series pabwalo lomwelo. Ine chomwe ndinaona ndi komwe Freeman anathamangira atamaliza kuzungulira. Anapita pa ukonde wakuseri komwe kunakhala bambo ake, omwe akhala akumuponyera mpira kuyambira ali mwana, ndipo anamulera mayi ake atamwalira ndi khansa ya pakhungu iye ali ndi zaka 10.

Sanalekere pomwepo. Anamenya home run m'magemu onse anayi oyamba, ndipo zigoli 12 zinalowa kudzera mwa iye, zomwe zinafanana ndi rekodi ya World Series. Ohtani yekha anagweduka phewa mu gemu yachiwiri pomwe ankayesa kuba base. Anapitiriza kusewera, koma aliyense ankaona kuti dzanja silikumvera.

Gemu yachisanu, pa 30 October ku New York, ndi yomwe ochemerera Yankees sadzaiiwala. Ankatsogola 5-0, woponya wawo wamkulu Gerrit Cole asanalole aliyense kumenya bwino. M'chigawo chachisanu zinthu zinangosokonekera. Aaron Judge anagwetsa mpira wosavuta, kulakwitsa kwake koyamba chaka chonse. Anthony Volpe anaponyera mnzake mpira wogunda pansi. Kenako Cole mwini wake sanathamangire pa base yoyamba kukalandira mpira, ntchito yomwe woponya aliyense amaphunzira ali wamng'ono. Freeman ndi Teoscar Hernández sanachedwe kulanga, ndipo chigawo chinatha ali 5-5. Yankees inatsogolanso 6-5, koma Dodgers inagoletsa ziwiri m'chigawo cha 8.

Pofika chigawo chomaliza, Roberts anali atagwiritsa ntchito oponya 7. Amene anatuluka kudzatseka anali Walker Buehler, munthu wochitidwa opaleshoni yaikulu ya chigongono kawiri, yemwe mu ligi anapambana gemu imodzi n'kugonja 6. Anali ataponya zigawo zisanu masiku awiri okha m'mbuyomo, ndipo kawirikawiri woponya wotero amapuma masiku anayi kapena asanu. Anatulutsa anthu atatu motsatizana. 7-6, chikho cha nambala 8 m'mbiri ya timuyi.

Ndiye kodi anzanga a "Man City yakumeneko" aja akunama? Osati kwenikweni. Freeman si mmphawi, kontrakiti yake ndi ya madola 162 miliyoni, ya Betts 365 miliyoni. Mu baseball mulibe malire okhwima a malipiro, timu yowononga kwambiri imangolipira msonkho wapadera. Ohtani nayenso anavomera kulandira madola 2 miliyoni okha pa chaka, 680 miliyoni yotsalayo adzailandire kuyambira 2034, ndipo zimenezi zinasiyira timu mpata wogula ena. Timu yosauka ikataya oponya atatu ndi Betts wake, chaka chatha. Dodgers imangotsegula kabati ina. Kwa ine, ndalama zinagula zimenezo, mwayi wovulala koma osagwa. Komabe Mets ndi Yankees nazonso zili m'gulu la matimu owononga ndalama kwambiri, ndipo palibe cheke chomwe chikanamuthamangitsa Cole kupita pa base yoyamba.

Pa 1 November timu inazungulira mzinda wa Los Angeles pa mabasi, chisangalalo chomwe mu 2020 chinalephereka chifukwa cha mliri. Tsikuli linali lobadwa la Fernando Valenzuela, woponya wa ku Mexico wokondedwa kwambiri ku Dodgers, yemwe anamwalira patatsala masiku atatu kuti World Series iyambe. Patangopita masiku ochepa Ohtani anali kuchipatala kukakonzetsa phewa, ndipo mwezi womwewo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu National League, ovota onse atamusankha iye. Freeman naye anachitidwa opaleshoni ya phazi lija. Buehler kontrakiti yake inali itatha, ndipo mu December anasayina ku Boston Red Sox.